Kakherere Kobiriwira

Jeke inaterereka cha m'ma folo koloko, ku Biwi,
ine ndili chagada pansi pa minibasi ya ku Kanengo,
ndipo chitsulo chinapeza mwendo wanga
ngati chinkaufunafuna kuyambira kale.
Yotamu, mnyamata wanga wophunzira ntchito, anaponya sipanala nathawa,
kenako anabwera ndi amuna asanu ndi mtengo wa bulugama.

Msewu sindiukumbukira. Ndikumbukira mabampu.
Ndinawawerenga ndi mano
kudutsa Mchesi, kuwoloka mlatho,
kumbuyo kwa pikapu ya matumba a laimu,
mpaka pa geti la chipatala chachikulu.

Ine amene ndimaimbira mpira Lamulungu lililonse
pa bwalo la fumbi ku Kawale,
ine amene ndauzapo anyamata ogubuduka pansi
kuti dzuka iwe, usandinamize,
ndinalira mayo pamaso pa mlonda.

Sisita Chimphepo sanafunse ngati zikupweteka.
Anafunsa za impso, za mapiritsi amene ndimamwa,
ngati ndagunda mutu, ngati ndalawako kachasu lero.
Anasaka mtsempha pa mkono wa girisi,
mtsempha n'kuthawira mkati ngati mbewa yamva khasu.

Ndiye anatsira timadzi m'kachubu kobiriwira,
nandikoleka kachingwe kake pa dzanja.
"Si koimba aka, bambo. N'kokoka.
Kokani pang'onopang'ono, mutulutsire momwemo.
Mutu ukayamba kuzungulira, kachotseni pakamwa.
Kali m'manja mwanu, osati mwanga."

Zaka khumi ndi zisanu ndikuuzira mpweya kunja
kuti anthu aime.
Lero ndikokere mkati?

Kananunkhira ngati chingamu cha ana a sukulu
chogwera m'chitini cha thina.
Kamodzi, ndinatsokomola.
Kawiri. Katatu.
Pofika kachisanu ndi chitatu magetsi a kudenga anafewa.

Ululu sunachoke, ndisaname.
Unangodzuka pachifuwa panga,
n'kukakhala pa benchi ya panja
pakati pa mayi wobereka mwana wopsa ndi madzi otentha
ndi wakabaza wogwira chibwano chake ndi chipewa,
kudikira kuti auitane dzina.
Ndinkauona pa chitseko chotseguka theka.
Nawo unkandiona.

Anadula ovolo yanga ndi sizasi,
ovolo yatsopano, ndalama yake ndisanamalize kulipira.
Dokotala wachichepere, wa ndevu zosakwana,
anagwira chidendene, mnzake anagwira bondo.
"Tsopano kokani kwambiri, bambo."
Ndinakoka.
Panamveka phokoso ngati munthu akuthyola nzimbe
kuseri kwa mpanda wa neba,
ndipo ndinaganiza: koma munthu ameneyo zamuvuta.

Akuti ndinapereka khadi yofiira kwa fani ya kudenga.
Akuti ndinauza dokotala kuti waotcha,
abwerere kumbuyo mayadi khumi.
Sisita anaseka mpaka kugwira khoma,
dzanja lina lili pa mtsempha wanga, akuwerenga.

Pulasitala itauma anakachotsa pa dzanja langa.
Ndinapempha ndikasunge.
"Katha ntchito," anatero, nakamanga m'pulasitiki,
nakaponya m'bini,
maso ali kale pa machira ena olowa pakhomo,
pomwe mtsikana wa yunifolomu ya sukulu
ankaluma kolala yake.

Ku wodi, cha m'ma leveni usiku,
ululu unafunsira nambala ya bedi langa ndipo unaipeza.
Unakhala kumiyendo, osapereka moni.

Yotamu wabwera ndi zimene zinali m'thumba la ovolo:
makiyi, ma handiredi atatu opindika, nati imodzi,
ndi kherere yanga yachitsulo, yotupa mbali imodzi.
Odwala anzanga agona.
Ndaiika pamilomo, ndakoka mpweya mkati
pang'onopang'ono, monga anandiphunzitsira.
Sinalire.
Kanjere ka mkati kangogubuduka kamodzi,
n'kukhala chete.